Chithunzi cha frequency domain: mitunduyi ikutiuza chiyani?

Pulogalamu ya pakompyuta ngati COMSOL ikawerengera electric field ya mafunde n'kuijambula ndi mitundu, kodi nambala zimene zili pa chithunzicho ndi za nthawi iti?

Zimatengera chimene mwasankha kujambula. Pa frequency domain kompyuta imatenga kuti chilichonse chikugwedezeka pa frequency imodzi, tinene 2.45 GHz ya uvuni wa microwave. Pa malo alionse imasunga complex number, yomwe ili ndi kukula kwa funde ndi phase yake (pamene fundelo lafika pa kugwedezeka kwake). Lamulo lake ndi ili: E(t) = Re[E·exp(jωt)], pomwe Re ndi real part, j ndi √−1, ω ndi 2π kuchulukitsa ndi frequency, ndipo t ndi nthawi. Mukajambula Ez (gawo la field lolunjika ku z) mu COMSOL osasintha kanthu, mumaona real part yokha, kutanthauza mmene field ilili pa phase ya 0.

Nanga bwanji Ez ikuonetsa mizere yofiira ndi yabuluu, koma normE (kukula kwa field yonse) ndi mtundu umodzi ponseponse?

Palibe chalakwika. Funde la plane wave loyenda mumpweya mbali imodzi popanda chobwerera limakhala ndi kukula kofanana paliponse, ndipo normE imayeza kukulako, osati nthawi. Mizere ya Ez imasuntha mukasintha phase pa dataset. Koma mizere ikaoneka pa normE, dziwani kuti pali funde lina lobwerera ndipo awiriwa apanga standing wave. Pa 2.45 GHz wavelength mumpweya ndi masentimita 12.2, choncho malo owala amatalikirana pafupifupi masentimita 6. Tengani rula muyeze pa chithunzipo. Ndi njira yachangu yotsimikizira kuti model yanu ili bwino.

Ndiye normE ndi peak kapena RMS?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Magetsi a m'nyumba timati ndi 230 V, koma imeneyo ndi RMS (root mean square), mtundu wa avareji. Pamwamba penipeni, pa peak, amafika 325 V. Mapulogalamu ambiri amasunga peak, ndiye RMS mumaipeza pogawa normE ndi √2. Izi zimagwira nthawi zonse. Chimene sichigwira nthawi zonse n'kunena kuti normE ndi pamwamba pamene field imafika. Zimatero pa linear polarization basi, pamene field imagwedezeka mu mzere umodzi. Pa circular polarization, Ex ikakhala 1 V/m ndipo Ey ikhale j V/m, normE imakhala 1.41 V/m, pomwe muvi wa field umangozungulira ndi kutalika kwa 1 V/m, sufika 1.41 ngakhale kamodzi.

Mphamvu yodutsa ndiiwerenge bwanji?

Ndi ½·Re(E × H*), pomwe H* ndi complex conjugate ya magnetic field H. Theka limenelo musaliiwale. Mumpweya wopanda chotchinga, peak ya 100 V/m imapereka 100²/(2 × 377), yomwe ndi pafupifupi 13 W/m² (377 ndi impedance ya mpweya mu ma ohm).

Mnzanga wagwiritsa ntchito pulogalamu ina ndipo phase yake yatembenuka. Walakwitsa ndani?

Mwina palibe. Mainjiniya amalemba exp(jωt), pomwe mabuku ambiri a fizikisi amalemba exp(−iωt). Kukula kumafanana, chizindikiro cha imaginary part ndi chimene chimasiyana. Muonenso mphamvu imene aliyense waika pa port (polowera funde mu model) musanayerekeze ma V/m: mphamvu ikachulukitsidwa kanayi, field imangowirikiza kawiri.

Pa ngodya yachitsulo pali kadontho kofiira kwambiri. Ndikakhulupirire?

Ayi. Pa ngodya yosongoka masamu amapereka field yopanda malire, ndipo mukachepetsa kukula kwa tizigawo ta mesh (timene kompyuta imagawira model) nambalayo imangokwerabe. Ikani kupindika kwenikweni kwa chitsulocho mu model, kapena werengani field patali pang'ono ndi ngodyayo.