Chithunzi chimodzi pa makanivasi atatu, motsatira feng shui

Feng shui ndi luso lakale la ku China lokonzera malo okhala, ndipo dzinali limatanthauza mphepo ndi madzi. Eni ake amati m'nyumba mumayenda mphamvu yotchedwa qi, yomwe siyenera kutsekeka kapena kuthamangira kunja. Chithunzi chogawidwa pa makanivasi angapo (nsalu zojambulapo zokungidwa pa felemu) chimagwirizana ndi ganizo limeneli chifukwa diso limayenda nacho kuchoka pa kanivasi ina kupita pa inzake.

Yambani ndi khoma, penti abwere pambuyo. Mu feng shui mbali iliyonse ili ndi chinthu chake ndi mitundu yake. Kum'mawa ndi kwa mtengo, kumafuna zobiriwira monga nsungwi. Kumwera ndi kwa moto ndi zofiira, kumpoto kwa madzi ndi zabuluu kapena zakuda, kumadzulo kwa chitsulo ndi zoyera. Madzi amazimitsa moto, choncho mathithi sayenera khoma la kumwera, ndipo kuchipinda chogona zithunzi za madzi amazipewa. Akatswiri ena amatembenuza kumpoto ndi kumwera akamagwira ntchito m'maiko a kumwera kwa equator ngati kwathu kuno, ena amakana. Sankhani njira imodzi pa nyumba yonse.

Makanivasi atatu kapena asanu ndi amene ndimalangiza, chifukwa pamakhala kanivasi yapakati pomwe diso limapumira. Ambiri amapewa anayi poti m'Chitchaina mawu a nambalayi amamveka ngati mawu oti imfa.

Pamwamba pa sofa wa masentimita 190, makanivasi atatu a 40 m'lifupi ndi 60 m'litali akwanira. Ndi mipata iwiri ya masentimita 4, zonse zimafika 128, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a sofayo.

Ntchito yambiri imaonongekera pa mipata imeneyi. Munthu amagundanitsa makanivasi pojambula, kenaka n'kuwatalikitsa pakhoma, mtsinje kapena nthambi n'kuoneka yothyoka. Ayaleni pansi mipata ili kale, muikemo timatabwa ta masentimita 4, mulembe mzere ndi pensulo ngati ukudutsa mumpatamo. Musanalembe mzerewo, pakani gesso (penti woyera woyambira) kawiri, aume. Mtundu uliwonse wa penti wa acrylic usakanizeni wokwanira makanivasi onse nthawi imodzi. Pentiyu amaderako akauma, ndiye mukasakaniza wina mawa sangafanane ndi wa lero. M'mbali namonso mupake, chifukwa m'mipata mumaoneka. Ngati chithunzicho ndi cha mtsinje kapena nsomba, zilowere m'kati mwa nyumba, zisalunjike kukhomo, poti madzi amaimira chuma. Phiri limayenera kumbuyo kwa pokhala, ngati chotsamira.

Popachika, yambani ndi yapakati. Pakati pake pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, koma ngati pali sofa, m'munsi mwa kanivasi mutalikire masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa chotsamira. Matani tepi pakhoma, muiongole ndi levulo, mulembepo malo a misomali, iwiri pa kanivasi iliyonse kuti isapendekeke. Khoma lachinyezi lisiyeni, limapinditsa matabwa a felemu ndi kuchititsa nkhungu kuseri kwa nsalu.