Opembedza milungu yambiri sanali osaganiza

Anthu ambiri amati kukhulupirira milungu yambiri ndi umbuli chabe, kuti mfundo zomveka zili kwa okhulupirira Mulungu mmodzi basi. Si zoona. Nkhaniyi anzeru akhala akukokana nayo kwa zaka mazanamazana, ndipo mbali iliyonse ili ndi pogwira.

David Hume, katswiri woganiza mozama wa ku Scotland, m'buku lake lomwe linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale, anayankha amene ankati dongosolo la chilengedwe likuonetsa mmisiri mmodzi. Anati nyumba kapena sitima ya pamadzi amamanga ndi anthu ambiri, nanga dziko lilekerenji? Taganizirani: wina apala matabwa, wina asula misomali, wina asoka matanga, koma ikayandama mumangoona sitima imodzi. Mfundoyi ndi yovuta kuigwetsa, ngakhale Hume mwini wake sankapembedza milungu yambiriyo.

Palinso za mavuto. Madzi osefukira akakokolola munda wa munthu wosalakwa, wa milungu yambiri amangoti milungu yasemphana maganizo, nkhani yatha. Wa Mulungu mmodzi, wabwino ndi wamphamvuyonse, amatuluka thukuta kuti afotokoze.

Nawonso a Mulungu mmodzi sagonja. Korani, pa sura 21 ndime 22, imati pakanakhala milungu ina, kumwamba ndi dziko zikanaonongeka. Akatswiri achisilamu anaikulitsa motere: mulungu wina akafuna mvula, wina chilala, amene chifuniro chake chalephereka si Mulungu ayi.