Pisitolo ya chipolopolo chimodzi pa masewera oombera zinyama zachitsulo: mafunso ndi mayankho

Munthu akafuna kuyamba kuombera chandamale pongosangalala, funso lake loyamba limakhala loti agule mfuti iti. Ine ndimati ayambe wadziwa malamulo a masewerawo, chifukwa malamulowo ndi amene amamuuza mfuti yomuyenera. Pano tikamba za pisitolo ya .22 (nambalayi imasonyeza kunenepa kwa chipolopolo) yolowa chipolopolo chimodzi, yotsekedwa ndi bolt, komanso masewera amene mfutiyi imawakwana bwino kwambiri, oombera zinyama zachitsulo.

Kodi mfuti imeneyi ndi yotani?

Ndi mfuti yogwira m'manja, yopanda chotsamiritsa paphewa, ndipo ilibe magazini, kabokosi kosungira zipolopolo zambiri. Bolt yake imagwira ntchito ngati mpiringidzo wa chitseko: mumatukula kachogwirira, kukokera kumbuyo, kuika chipolopolo chimodzi, kukankhira kutsogolo n'kutsekera pansi. Mukaomba mumatsegulanso, khoko la chipolopolo n'kutuluka.

Zipolopolo zake amazitcha rimfire chifukwa mankhwala oyatsa onga ali m'mphepete mwa tsinde la khokolo, ndipo kachitsulo komenya kamagunda m'mphepetemo, osati pakati. Chipolopolo chofala ndi .22 Long Rifle, chomwe chinatuluka mu 1887 ku kampani ya J. Stevens ya ku America. Mutu wake ndi wamtovu, wolemera magalamu pafupifupi 2.6, ndipo mfuti siikankha dzanja mwamphamvu. N'chifukwa chake munthu angathe kuombera masana onse dzanja osatopa.

Masewera a zinyama zachitsulo anachokera kuti, ndipo malamulo ake ndi otani?

Anayambira ku Mexico, kumene amatchedwa siluetas metálicas, ndipo kenaka anaolokera ku United States. Mpikisano woyamba wa mapisitolo unachitikira ku Tucson, ku Arizona, mu 1975, ndipo mu 1976 kunabadwa bungwe loyendetsa mipikisano yotereyi la IHMSA, lomwe mtsogoleri wake wodziwika anali Elgin Gates.

Zandamale zake ndi zitsulo zodulidwa m'maonekedwe a nyama zinayi. Pa mfuti za .22, nkhuku zimaima pa mayadi 25, nkhumba pa mayadi 50, nkhukundembo pa mayadi 75, nkhosa zamphongo pa mayadi 100. Mpikisano wanthawi zonse uli ndi zipolopolo 40, nyama iliyonse khumi. Nyamazo zimandandalikidwa zisanuzisanu, ndipo mumapatsidwa mphindi ziwiri kuti muombere zisanuzo, chipolopolo chimodzi pa nyama imodzi, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Mukaphonya nkhumba yachiwiri simubwereranso, mumapita pa yachitatu. Mukasokoneza ndondomekoyi, nyama yomwe mwagwetsayo siiwerengedwa.

Lamulo lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi la kawerengedwe. Nyama iyenera kugwa. Chipolopolo chikhoza kumenya nkhosa kumchira, chitsulo n'kulira kuti ngwee, nkhosayo n'kutembenuka pang'ono koma n'kukhalabe chiimire: pamenepo simunapeze kanthu. Palibe zokangana ndi woweruza, aliyense amadzionera yekha. Mumaloledwanso kukhala ndi mnzanu kumbuyo woyang'ana ndi galasi loonera patali, amene amakuuzani pomwe chipolopolo chagwera.

Kodi mfuti yolowa chipolopolo chimodzi siingandichedwetse?

Werengani nokha. Mphindi ziwiri pa nyama zisanu ndi masekondi 24 pa nyama imodzi. Kutsegula bolt, kulowetsa chipolopolo ndi kutseka zimatenga kachigawo kochepa ka nthawiyo munthu akazolowera, makamaka ngati wayaliratu zipolopolo zisanu pafupi ndi dzanja. Nthawi yotsalayo ndi yopuma, kulunjika ndi kukoka bwino.

Ndipo kuchedwako n'kwabwino. Munthu wa mfuti yodzilowetsa yokha zipolopolo akaphonya, chala chimathamangira kuombanso asanaganize chimene walakwitsa. Uyu wa chipolopolo chimodzi mfuti imamuimitsa, amakhala ndi mpata womva zomwe mnzake wakumbuyo akunena. Kwa wophunzira palibe mphunzitsi woposa pamenepa. Ngakhale pa masewera a Olympic, mpikisano wa pisitolo wa mamita 50, womwe unachitika komaliza ku Rio mu 2016, unali wa mfuti za .22 zolowa chipolopolo chimodzichimodzi.

Nanga magulu a mfuti amasiyana bwanji?

IHMSA imagawa mfuti m'magulu kuti munthu wa mfuti yongogula m'sitolo asapikisane ndi wa mfuti yokonzedwa mwapadera. Gulu la Production ndi la mfuti zomwe zili mmene zinatulukira ku fakitale, ndipo mpope wake, wodutsamo chipolopolo, usapitirire mainchesi 10.75. Gulu la Unlimited limalola kusintha zambiri ndipo mpope ufike mainchesi 15. Mapisitolo a bolt kwawo kwenikweni ndi ku Unlimited. Palinso gulu la Unlimited Any Sight, lolola magalasi olunjikira, ndi magulu oombera choimirira. Malamulo amakonzedwa nthawi ndi nthawi, choncho musanapereke ndalama, werengani buku la malamulo la chaka chimenecho kapena funsani woyendetsa mpikisano pa malo omwe muziombera.

Mfuti ili m'manja mwanga m'sitolo. Ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi mbali yomwe kuli kachogwirira ka bolt. Ngati mumagwira mfuti ndi dzanja lamanja, bolt yakumanzere ndi imene ingakuthandizeni: dzanja lamanja limakhalabe pachogwirira mmene munaligwiritsira, lamanzere n'kumatsegula ndi kulowetsa chipolopolo. Kampani ya Anschütz ya ku Germany inaganizira zimenezi popanga pisitolo ya Exemplar, ndipo Savage inachitanso chimodzimodzi pa Striker. Remington XP-100, yomwe inatuluka mu 1963 n'kutchukitsa mapisitolo a bolt, inali ndi bolt kumanja, ngakhale iyo siinali ya rimfire. Bolt ikakhala mbali yolakwika, mumasiya chogwirira pa chipolopolo chilichonse, ndipo kagwiridwe kakasintha, pogwera chipolopolo pamasinthanso.

Kenaka trigger, kachitsulo kokoka ndi chala kuti mfuti ilire. Apa mpamene mfuti yotchipa imaonekera. Pisitolo ndi yopepuka ndipo ilibe phewa loikhazika, ndiye trigger ikakhala yolimba kapena yokwekwereza, chala chimakoka mfuti yonse n'kuichotsa pa nyama. Pemphani wogulitsa aikemo chipolopolo chapulasitiki choyeserera kuti muimve. Iyenera kuduka mwadzidzidzi, pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ngati ndalama zanu zili zoti musankhe pakati pa thabwa lokongola ndi trigger yabwino, tengani trigger.

Funsaninso mmene mfutiyo imatcherera. Mfuti zina zimatchereka zokha mukamayendetsa bolt. Zina, monga Crickett ya kampani ya Keystone Sporting Arms ya ku Pennsylvania, mukatseka bolt muyenera kukokanso kamfundo kakumbuyo ndi zala. Ndi ntchito yoonjezera koma yosavuta, ndipo mfuti zoterezi mtengo wake umakhala wotsika, zoyenera munthu woombera pongosangalala. Pomaliza onani kambedza kotulutsa khoko. Pa mfuti yakale kakatha, khoko limakakamira mkati, inu n'kumalikolokosa ndi chikhadabo mphindi ziwiri zija zikutha.

Ndiikepo galasi lolunjikira kapena zolunjikira zachitsulo zikwanira?

Chofunika n'choti cholunjikira chakumbuyo chikhale chosinthika, chifukwa muziombera pa mitunda inayi, ndipo chipolopolo cha .22 chimatsika ndithu chikamafika pa mayadi 100. Oombera ambiri amalemba pa kapepala kuti pa nyama iliyonse apotokole kangati. Ngati maso ayamba kufooka, galasi ndi lothandiza, koma likhale la pisitolo, looneka bwino mkono utatambasuka. La mfuti yaitali limafuna diso pafupi, ndipo silingakuthandizeni pogona chagada, maondo m'mwamba, mfuti itatsamira pa mwendo, kagonedwe kotchedwa Creedmoor komwe ambiri amakonda.

Zipolopolo zabwino ndi ziti?

Yambani ndi zolembedwa standard velocity. Izi zimayenda mochepera liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo nthawi zambiri zimagwera pamodzi kuposa zothamanga kwambiri. Mfuti iliyonse ya .22 ili ndi mtundu womwe imagwirizana nawo. Gulani timabokosi ta mitundu ingapo, muombere pa pepala mfuti itakhazikika, musankhe potengera mabowo.

Ndili ndi mfuti yaitali ya .22 ya bolt. Bwanji ndingoidula kuti ikhale pisitolo?

Musayerekeze. Ku United States, lamulo la National Firearms Act la 1934 limati mfuti yaitali ikakhala ndi mpope wochepera mainchesi 16, kapena utali wake wonse ukachepera mainchesi 26, iyenera kulembetsedwa ku boma mwapadera, ndipo kuidula popanda chilolezo ndi mlandu waukulu wopita nawo kundende. Pisitolo ya bolt ndi yololedwa chifukwa inapangidwa ngati pisitolo kuchokera ku fakitale. Kuiika chotsamiritsa paphewa kumailowetsanso m'lamulo lomwelo. Kumeneko, wogula pisitolo kwa wogulitsa wachilolezo ayenera kukhala wa zaka 21, pomwe mfuti yaitali ndi zaka 18.

Ku Great Britain mapisitolo analetsedwa mu 1997, kutsatira kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996, ndipo chiletsocho chinafika ndi pa a .22 omwe. Chimakhudza mfuti ya mpope wochepera masentimita 30 kapena yautali wonse wochepera masentimita 60. Dziko lililonse lili ndi zake, ndipo mpikisano kulola mfuti sikutanthauza kuti boma lailola. Chilolezo chibwere mfuti isanalowe m'nyumba.

Poti ndi kamfuti kakang'ono, kodi pali choopsa?

Chilipo, chachikulu. Chipolopolo cha .22 chimapha, ndipo chikhoza kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka, choncho kumbuyo kwa zandamale kukhale chimulu cha dothi. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa mtovu ukamenya chitsulo umamwazika, ndiponso zotseka m'makutu, poti mpope waufupi umalira kwambiri. Pisitolo imatembenuka msanga m'manja kuposa mfuti yaitali, ndiye kukamwa kwake kuziyang'ana ku zandamale nthawi zonse, ndipo bolt ikhale yotsegula pamene simukuomba.

Musamakoke trigger mfuti ilibe kanthu. Pa mfuti zambiri za rimfire kachitsulo komenya kaja kamagunda m'mphepete mwa polowera chipolopolo n'kupabinya, kenaka zipolopolo n'kuyamba kuvuta kulowa ndi kutuluka. Zipolopolo za rimfire zimakananso kulira nthawi zina. Zikatero, musatsegule msanga: lozanibe ku zandamale, dikirani masekondi 30, kenaka tsegulani bolt nkhope ili patali, ndipo chipolopolocho mukachiike m'chitini chomwe malo oomberako anakonzera zoterezi. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanadye, mtovu usalowe m'thupi, ndipo kunyumba mfuti itsekeredwe kwina, zipolopolo kwina.