Kodi fungo la chamba limasintha mphamvu yake m'thupi?

Munthu akamasenda lalanje, timadzi tina timathovoka m'khungu lake n'kumuwawa m'maso, ndipo fungo limatsalira m'zala kwa kanthawi. Fungo limenelo limachokera ku mankhwala otchedwa limonene, amodzi mwa mankhwala onunkhira omwe asayansi amawatcha ma terpene, amene zomera zimapanga pothamangitsa tizilombo kapena pokopa njuchi. Chamba nacho chimapanga mankhwala otere ambirimbiri m'tiubweya tomatamata tokuta maluwa a chomera chachikazi, ndipo m'tiubweya tomwetomo ndi mmene mumapangika THC, mankhwala amene amazunguza bongo.

Mwa onunkhirawo muli myrcene amene alinso m'mango, pinene amene aliyense wodutsa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa amamumva, ndi caryophyllene amene amapezeka mu tsabola wakuda. Kusiyana kwa kuchuluka kwawo kumathandiza kuti mtundu wina wa chamba uzinunkhira ngati ndimu pomwe wina ukumveka ngati utomoni.

Nkhani yoti mankhwalawa amasintha mphamvu ya chamba inayamba motere. Mu 1964, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni a ku Israel anapatula THC n'kufotokoza mapangidwe ake. Mu 1998, Mechoulam ndi anzake analemba kuti m'thupi muli mankhwala ena ooneka ngati opanda ntchito paokha, koma amene amawonjezera mphamvu ya anzawo akakhala pamodzi. Dokotala wa ku America, Ethan Russo, anatenga ganizoli mu 2011 n'kunena kuti ma terpene angathe kufewetsa kapena kuwongolera mphamvu ya THC. Ogulitsa chamba ku America ndi ku Canada analilandira ndi manja awiri, mpaka lero amauza ogula kuti fungo ili limagonetsa, ili limachangamutsa.

Umboni wake, ndikauyeza, ndi wochepa kuposa mmene malonda amaukuzira. Wolimba kwambiri ndi wa caryophyllene. Mu 2008, Jürg Gertsch ndi anzake ku Switzerland anapeza kuti mankhwalawa amakamatirira pa timalo ta m'maselo totchedwa CB2, tomwe tachuluka m'maselo a chitetezo cha m'thupi ndipo timakhudzana ndi kutupa. THC amazunguza bongo kudzera pa timalo tina ta mu ubongo totchedwa CB1, n'chifukwa chake tsabola wakuda saledzeretsa munthu ngakhale atamuthira wambiri m'ndiwo. Koma ofufuza a ku Australia mu 2019 ndi a ku New Zealand mu 2020 atayesa ma terpene odziwika pa maselo mu labotale, sanaone kuti akusintha mmene THC amagwirira ntchito pa timaloti.

Kuyesa pa anthu enieni kwachitika pang'ono. Mu 2024, ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anatulutsa zotsatira za anthu 20 amene anapuma nthunzi ya THC, nthawi zina yokha, nthawi zina yosakaniza ndi limonene. Atasakaniza mamiligalamu 30 a THC ndi 15 a limonene, nkhawa ndi mantha zomwe THC amabweretsa zinachepa. Komabe anthu 20 ndi ochepa, ndipo limonene wochuluka chonchi sapezeka m'duwa la chamba mwachilengedwe. Tisaiwalenso kuti Epidiolex, mankhwala a khunyu omwe America inavomereza mu 2018, ndi CBD woyeretsedwa (mankhwala ena a m'chamba amene sazunguza bongo), ndipo amagwira ntchito popanda kudalira fungo.

Kuno ku Malawi, lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo ali ndi chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira chamba la Cannabis Regulatory Authority, pomwe kusuta kukadali mlandu. Mlimi wachilolezo ayenera kudziwa kuti ma terpene opepuka monga myrcene ndi pinene amauluka msanga kukatentha. Maluwa oyanikidwa padzuwa ngati chimanga amataya fungo lambiri, choncho amayenera kuumitsidwa pang'onopang'ono mumthunzi, pamalo ozizira podutsa mphepo, kenako n'kusungidwa m'chotengera chotsekeka bwino.