Chida chimene sichingasinthe mawu ndicho chiyenera kutsogolera

Oimba a ku Mali, Ethiopia ndi Zimbabwe akakwera pansanja imodzi, oonera ambiri amaganiza kuti nyimbo zawo zilumikizana zokha, poti onsewo ndi a mu Africa. Ife amene timalongosola nyimbo ndi kukonzekeretsa magulu oimba timadziwa kuti zinthu siziyenda choncho, chifukwa zida za anthu amenewa zinapangidwa ndi makutu osiyana, ndipo chilichonse chili ndi malo ake amene chimaika mawu. Chimene chimapangitsa kuti chionetsero chotere chikome kapena chiwonongeke chimagamulidwa masiku angapo anthu asanalowe pachipata, pamene oimba akukambirana funso limodzi lovuta: kodi ndani asunthe kuti akumane ndi mnzake?

Nkhani imayambira pa kachunidwe ka zida. Kiyibodi ndi gitala zimatsata muyeso wa ku Ulaya, umene umagawa makwerero a mawu m'magawo 12 ofanana, ndipo liwu la A limaikidwa pa 440 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Mbira dzavadzimu ya Ashona a ku Zimbabwe, chida cha tizitsulo tokhwatchula ndi zala ngati kalimba, siimvera muyeso umenewu, popeza wosula aliyense ndiponso banja lililonse la oimba lili ndi kachunidwe kake. Balafon ya Amande a kumadzulo kwa Africa, imene ndi mangolongondo a matabwa, nthawi zambiri imagawa makwerero omwewo m'magawo 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo thabwa likasemedwa lasemedwa. Palibe amene angalikweze kapena kulitsitsa liwu ali pansanja. Kora, chida china cha Amande, ili ndi nsambo 21 zimene zimatheka kuchunidwanso, koma ntchitoyo imatenga nthawi imene oonera sangapirire pakati pa nyimbo ziwiri. Tsono woimba kiyibodi akangofika ndi kunena kuti nyimbo ikhale mu kiyi ya G, amakhala atalamula kuti mbira imveke ngati yosokonekera, chonsecho mwini wake anaichuna molondola monga mwa kwawo.

Maganizo anga ndi akuti chida chimene sichingasinthe mawu ndicho chiyenera kupatsidwa mpando, ndipo zina zonse zichitsatire. Kiyibodi zambiri za masiku ano zimalola kukweza kapena kutsitsa mawu pang'onopang'ono, woimba besi akhoza kusiya mawu amene akugundana ndi mbira, ndipo woimba ndi pakamwa ali ndi ufulu woposa onse. Gulu la 3MA limaonetsa bwino nkhani imeneyi. Muli Ballaké Sissoko wa ku Mali pa kora, Rajery wa ku Madagascar pa valiha, chida cha nsungwi chozunguliridwa ndi nsambo, ndi Driss El Maloumi wa ku Morocco pa oud, chida cha nsambo cha Aluya. Pa kora ndi valiha nsambo iliyonse imatulutsa liwu lake lokhazikika, pamene oud ilibe timizere tachitsulo pakhosi pake ngati gitala, choncho chala chikhoza kuima paliponse. Womvetsera watcheru amamva mmene oud imayendera pakati pa zida ziwirizo ndi kuzimangiriza.

Vuto lachiwiri ndi la kugunda kwa nyimbo, ndipo limasokoneza ngakhale akatswiri. Nyimbo zambiri za mu Africa zimayenda pa mzungulire wa tizigawo 12, koma wina amatimva ngati magulu 4 a tizigawo 3, pamene mnzake amatimva ngati magulu 3 a tizigawo 4. Nyimbo yachikale ya mbira imakhala ndi tizigawo 48, ndipo oimba awiri, wa kushaura (wotsogolera) ndi wa kutsinhira (wotsatira), amalukana mawu kotero kuti mlendo sadziwa pamene mzungulire wayambira. Woimba ng'oma za sabar wa ku Senegal akabwera ndi kaimbidwe kake kodumphadumpha, onse akhoza kukhala akusunga nthawi molondola koma akupondetsa phazi pamalo osiyana. Pokonzekera ndimayamba ndasiyitsa zida zonse, anthu aombe m'manja ndi kuponda pansi kufikira atagwirizana pamene pali chiyambi.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene okonza maphwando a nyimbo amaumira nayo, chifukwa tsiku lililonse lowonjezera ndi ndalama za malo ogona, pamwamba pa za ndege ndi ziphaso zolowera m'dziko. Ntchito ya Nile Project, imene Mina Girgis wa ku Egypt ndi Meklit Hadero wobadwira ku Ethiopia anayambitsa mu 2011, inatenga njira yoyenera. Oimba a m'maiko a m'chigwa cha mtsinje wa Nile anakakhala pamodzi ku Aswan mu 2013 ndi kuphunzitsana asanaonekere kwa anthu. Kunali kofunika kutero, popeza maqam, amene ndi makwerero a mawu a nyimbo za ku Egypt, ali ndi mawu ogwera pakati pa mabatani awiri oyandikana a kiyibodi, pamene krar, chida cha nsambo cha ku Ethiopia, imayenda pa makwerero a mawu 5.

Mbiri imatithandizanso kusiyanitsa kuimba pa phwando limodzi ndi kuimbira limodzi. Ku Kinshasa mu 1974, pa phwando la Zaire 74, kunali James Brown, Miriam Makeba, Franco ndi Tabu Ley Rochereau, koma kwakukulu gulu lililonse linkakwera ndi kutsika pa nthawi yake. Ku Rufaro Stadium mu mzinda wa Harare mu 1987, Paul Simon, Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo anagawana gulu limodzi la zida, mmene munali Ray Phiri pa gitala ndi Bakithi Kumalo pa besi, ndipo ankalowerana m'nyimbo. Njira yachiwiriyi ndi yolemetsa, ndipo ndi imene ine ndimaitcha mgwirizano.

Munthu womaliza amene angamange kapena kupasula ntchito yonse ndi amene ali pa makina osakanizira mawu. Mbira imaimbidwa m'kati mwa chipanda chachikulu chotchedwa deze, chomangiriridwa zigoba za nkhono kapena zitsekerero za mabotolo zimene zimanjenjemera, ndipo balafon nayo ili ndi zipanda zoboola zomatidwa kanembanemba kotulutsa kulira komweko. Katswiri wa makina amene anazolowera magitala okha amamva kunjenjemerako ngati phokoso ndipo amakuchotsa, osadziwa kuti kwa eni chidacho liwu lopanda kunjenjemera ndi losakwanira. Kora nayo ndi ya mawu ofatsa, moti ng'oma zikaikidwa pafupi ndi maikolofoni yake imamira. Pa chifukwa chimenechi ndimaumirira kuti poyesa mawu masana tiyambe ndi chida chofatsa kwambiri, mwini wake atsike pansanja akamvetsere mnzake akuchiimba, ndipo ng'oma ndi besi zikwezedwe pokhapokha iye atavomereza kuti chimene chikutuluka m'zokuzira mawu ndi chida chake.