Mashoki a pikapu musaike pa MGB

Pempho ili ndatopa nalo: "Amakanika, ndiikireni mashoki olimba zedi, misewu ya Lusaka njoipa." Abale anga, shoki sinyamula galimoto. Chonyamula ndi sipuling'i, shoki imangoiletsa kuti isamadumphedumphe. Mukaika yolimba mopyola pa galimoto yopepuka ngati MGB, yolemera pafupifupi tani imodzi, tayala likagunda dzenje limadumpha m'malo mogwira msewu, ndipo nkhonya yonseyo imakathera pa chitsulo chomwe chatha zaka 50.

MGB, yomwe inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ilibe mashoki aatali ngati paipi omwe munazolowera pa Corolla. Ili ndi a Armstrong, kabokosi ka oyilo kokhala ndi mkono. Kutsogolo mkono umenewo ndiwonso ukugwira tayala kumwamba. Ukayamba kugwedera, chiwongolero chimagwedera nawo. Wina akakuuzani kuti angochotsa kabokosiko n'kuikapo china, tengani makiyi anu muzipita. Winanso akafuna kuthiramo buleki fuluwidi, mukanize, chifukwa imadya masilo, malabala otsekera oyilo. Mumalowa oyilo wake wa mashoki basi.

Nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya achikulire ena a ku Kabulonga. Anabwera ndi MGB ya 1972 yomwe anawasiyira bambo awo, shoki yakumbuyo ikudontha. Ndinati tiitanitse zokonzedwanso kuchokera ku England, adikire masabata angapo. Iwo anaona kuchedwa. Anapita kwa wina wa pansi pa mtengo, yemwe anawotcherera mabulaketi n'kumangapo mashoki a pikapu. Anali aatali kwambiri. Pa hampu ina mumsewu wa Leopards Hill shoki inafinyika mpaka pomaliza sipuling'i idakali ndi mpata, bulaketi inang'ambika n'kudula paipi ya mabuleki. Pampando panali mdzukulu wawo. Chinawapulumutsa n'choti ankayenda pang'onopang'ono. Tsiku lomwe anabwera kwa ine ndinangowauza mtengo ndi nthawi yodikira, sindinawauze kuti galimotoyo isatuluke pageti. Masiku ano ndimanena zimenezo poyamba.

Sindikuti kusintha n'kulakwa. Zilipo zida zopangidwira MGB zoikira mashoki aatali kumbuyo, za kampani ya Spax kapena Koni, zobwera ndi mabulaketi ake. Chofunika ndi utali: yezani shoki itafinyika, yezaninso itatambasuka, muone ngati ikugwirizana ndi mmene ekiselo imayendera. Malamba omwe amagwira ekiselo yakumbuyo musachotse, apo ayi shoki ndiyo izinyamula ekiselo yonse tayala likalendewera. Mukagula zotheka kuzifewetsa kapena kuzilimbitsa, yambirani pofewa, muyende pa Great East Road, ndiyeno muzionjezera pang'onopang'ono. 

Sinthani ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere. Musanalipire kalikonse, yambani mwaona mabushi; phokoso lambiri lomwe anthu amanamizira shoki limachokera ku labala yomwe inauma kalekale.

Ngati shoki yanu yanyowa oyilo lero, musadikire mvula ya Novembala. Maenje akadzaza madzi simudzadziwa kuya kwake, ndipo zida za galimoto zimenezi sizipezeka tsiku lomwelo mu Lusaka muno. Itanitsani tsopano, galimoto ikhale m'galaja mpaka zitafika.