Mkangano wa pulogalamu yodzilembera malamulo ili m'kati mogwira ntchito

Wophunzira zamakompyuta pa MUST, ku Ndata kuno ku Thyolo, akangomva kuti function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi) ya m'chinenero cha C ndi ma byte chabe, ndiko kuti manambala, ogona mu memory, sachedwa kuyesa mwayi. Amalemba ma byte 6 awa: B8 2A 00 00 00 C3. Pa purosesa ya x86 tanthauzo lake ndi lakuti "ika 42 mu eax (kamalo ka m'purosesa koikamo yankho), kenaka bwerera kwa wakuitana". Amawaika mu array (mndandanda wa deta), n'kuloza function pointer (adilesi yonena pamene function ili) pamenepo, n'kuitana. M'malo moona 42, Linux imamuyankha kuti Segmentation fault, kutanthauza kuti yakana kuyendetsa ngati malamulo ma byte ogona m'malo a deta. Apa anzake amagawanika. Wina amati, "Aise, makina ndi ako, akukukaniza bwanji?" Winanso amati loko ameneyu sanamuike mwangozi. Mkanganowu ndi wakale kuposa onse amene akukanganawo.

Poyamba loko kunalibe. Mu 1945 John von Neumann analemba za kompyuta yosunga malamulo ake mu memory yomweyo yosungira manambala, ndipo pa 21 June 1948 makina a ku Manchester anayendetsa pulogalamu yosungidwa chomwechi. Kwa purosesa, lamulo ndi nambala n'chimodzimodzi. Chimasiyanitsa n'chakuti yauzidwa kuyambira pati. Akatswiri a nthawiyo ankaona kuti pulogalamu kusintha malamulo ake ikuyenda ndi luso wamba, ndipo pa makina ena oyambirira imeneyi inali njira yoyendera pa mndandanda wa manambala.

Mu 1968 Ken Thompson anaonetsa kukoma kwake. Pofufuza mawu m'zolembedwa, pulogalamu yake inkatenga zimene munthu akufuna kupeza n'kuzisandutsa malamulo a makina a IBM 7094 pompopompo, kenaka n'kudumphiramo. Mu 1984 Peter Deutsch ndi Allan Schiffman anachita zofanana kuti chinenero cha Smalltalk chiziyenda mwachangu. Njirayi ndi yomwe lero timaitcha JIT. Mwa zogwiritsa ntchito njirayi, HotSpot ya Java inatuluka mu 1999, V8 ya Chrome mu 2008, ndipo foni ya Android yomwe mayi wa ku Bvumbwe akuonerapo mitengo pa intaneti ikudzipangira ma function chomwechi iye osadziwa n'komwe.

Koma khomo lotsegukira mwini nyumba silisankha wolowa. Mu November 1988 pulogalamu ya Robert Morris, wophunzira pa Cornell, inafalikira pa makompyuta ambirimbiri a pa intaneti ya nthawiyo. Imodzi mwa njira zake inali kutumiza mawu aatali kuposa malo amene pulogalamu ya fingerd inawakonzera. Otsalawo ankasefukira pa stack, chigawo cha memory chomwe function imasungapo zinthu zake zosakhalitsa, n'kufafaniza adilesi yonena kobwerera function ikamaliza, ndipo purosesa inkayamba kumvera ma byte a mlendo ngati malamulo. Taonani bwino: ndi zomwe zija mnyamata wathu amafuna kuchita ndi 42 wake, kungoti wolemba ma byte ndi wakuba.

Panatenga zaka kuti mankhwala afale. Mu 2003 OpenBSD 3.3 inabweretsa lamulo lotchedwa W^X, loti chigawo cha memory chikhale cholembedwamo kapena choyendetsedwa, koma osati zonse ziwiri nthawi imodzi. Chaka chomwecho AMD inaika NX bit, chizindikiro choletsa purosesa kuyendetsa malamulo m'chigawo cha memory, m'mapurosesa ake a 64-bit, ndipo mu 2004 Windows XP Service Pack 2 inayamba kuigwiritsa ntchito. Amene anathyolapo tiyi ku esiteti sangadabwe nazo: kalaliki wolemba makilo pa sikelo sakhala yemweyo wogwira thumba la malipiro.

Amene anavutika ndi olemba mapulogalamu a C osalakwa. Vuto lawo ndi ili. Library yakale (gulu la ma function olembedwa kale ndi ena) imakupempha function pointer yokha, pomwe function yako ikufunikanso kudziwa deta inayake yomwe ikudziwika pulogalamu itayamba kale. Pointer ndi adilesi basi, ilibe thumba lonyamulira katundu. Njira yotulukira ndi kupanga kafunction kakang'ono pompo, kotchedwa trampoline, komwe ntchito yake ndi kunyamula adilesi ya detayo n'kudumphira ku function yeniyeni. GCC, pulogalamu yosandutsa C kukhala malamulo a makina, imachita zimenezi munthu akatenga adilesi ya function yolembedwa m'kati mwa inzake, ndipo mwachizolowezi kachidutswako imakalemba pa stack. Zotsatira zake, stack yonse iyenera kuloledwa kuyendetsa malamulo, khomo lija la mu 1988 n'kutsegukanso chifukwa cha ma byte ochepa. Library ya libffi, yomwe Anthony Green anaiyamba mu 1996 ndipo ctypes ya Python imaidalira, nayo imapanga tizidutswa totere, koma imatipezera malo akeake.

Njira yaulemu siyovuta. Umapempha chigawo cha memory ndi mmap chololedwa kulembamo, umakopera ma byte ako, kenaka ndi mprotect umachotsa chilolezo cholemba n'kupereka choyendetsa. Pa Windows ndi VirtualAlloc ndi VirtualProtect. Ukatero 42 uja amatuluka bwinobwino. Pa ARM, yomwe ili m'mafoni athu pafupifupi onse, pali msampha wina: cache (kamemory kofulumira ka m'purosesa) ya malamulo ndi ya deta n'zosiyana, choncho ukaiwala kuitana __builtin___clear_cache purosesa ikhoza kuyendetsa zinyalala zakale, lero zikuyenda mawa zakana. Ma byte a x86 aja nawonso pa ARM alibe tanthauzo lija.

Ine ndili kumbali ya loko, ngakhale ndimamvetsa mkwiyo wa mnyamatayo. Chimene sindigwirizana nacho ndi malangizo achidule oti ungowonjezera -z execstack, yolola stack yonse kuyendetsa malamulo, pomanga pulogalamu, zonse zitheka. Zimathekadi, koma wagumula mpanda wonse pofuna kudutsitsa kanthu kamodzi.

Mlanduwu sunathe. Apple salola mapulogalamu wamba a pa iPhone kudzipangira malamulo ali m'kati moyenda, ndipo mu 2022 anabweretsa Lockdown Mode yomwe imazimitsa JIT ngakhale mu Safari, kulolera kuti masamba azitseguka pang'onopang'ono bola wakuba asapeze polowera. Kumbali inayi, Chrome, Java ndi LuaJIT zikudalirabe JIT tsiku ndi tsiku, ndipo GCC 14 ya mu 2024 inawonjezera njira yoika ma trampoline pa heap, chigawo china cha memory, kuti stack isiyidwe yotseka.